A Dokotala Anati Masamu Tisawerenge

Ndikupatsani moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene mukulimbana ndi sukulu muli kale pa banja ndi pa ntchito. Ine ndine Rozina, ndimakhala kwa Malemia kuno ku Nsanje, ndipo ntchito yanga ndi ya uphunzitsi. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsalira pang'ono kuchotsedwa ku yunivesite m'chaka chomaliza. Sanali matenda, sunali ulesi. Anali mawu a mphunzitsi wathu amene anatiuza zoti tiwerenge, pa mayeso n'kubwera zina. Ena mukamva museka, ndipo sekani ndithu, nanenso masiku ano ndimaseka. Koma nthawi imeneyo ndinaonda mpaka anthu kutchalitchi ankafunsana ngati ndikudwala.

Digiri yangayo ndinkaphunzira ndili kunyumba. Ku yunivesite tinkapitako pa holide kukakumana ndi aphunzitsi ndi kulandira mabuku, kenako aliyense n'kubwerera ku sukulu yake kukaphunzitsa, n'kumawerenga yekha mpaka nthawi ya mayeso. M'chaka chachiwiri madzi anasefukira kwathu kuno, nyumba yathu inagwa, mabuku anga n'kupita ndi madzi. Tinakhala pa kampu miyezi ingapo, ndipo chaka chimenecho ndinalephera n'kubwereza. Tsono lamulo la sukuluyo linali lakuti munthu amabwereza kamodzi kokha. Ukalephera phunziro amakupatsa mwayi wolembanso mayeso apadera amene timawatcha sapu, koma ngati unabwerezapo kale ndipo sapuyo walepheranso, amakuchotsa. Ophunzira amati kuwidedwa, kutanthauza kuzulidwa ngati udzu m'munda. Choncho ine ndinalowa chaka chomaliza ndikudziwa kuti mwayi wanga ndinadya kale.

Amuna anga amagulitsa nsomba zouma pa msika wa Bangula. Ine ndikapita ku sukulu ankatsala ndi ana, kuphika ndi kuchapa, mpaka anzawo a pamsika anawapatsa dzina loti a Digiri. Iwo ankangoseka n'kumati tsiku lina adzaona. Ndiye ndikamati zinali zoopsa, sindikunena za ine ndekha ayi.

M'chaka chomalizacho tinali ndi phunziro la njira zochitira kafukufuku. Buku lake linali logawika pawiri. Kutsogolo kunali mawu okhaokha: kafukufuku n'chiyani, anthu ofunsidwa amasankhidwa bwanji, mafunso amakonzedwa bwanji. Kumbuyo kunali masamu osanthulira zimene wapeza, ndi kamutu kamodzi ka mawu kotsekera buku. Ine ndi masamu tinadana kalekale ku sekondale, ndipo palibe anatiyanjanitsapo. Mphunzitsi wa phunziroli anali bambo wa nthabwala, wovala bwino, wodziwa kuyankhula, ndipo tonse tinkangowatchula kuti a Dokotala.

Ife ophunzira a kuno ku chigwa tinali ndi gulu lathu la pa foni. Mtsogoleri wake anali Esinati, mphunzitsi wa ku Ngabu, mnzanga wa pondapo nane m'pondepo. Nayenso anabwereza chaka chomwe chija cha madzi, ndiye tinkayenda pa ulusi umodzi. Esinati analibe mantha ndi munthu. Mayeso akayandikira ndiye ankaimbira aphunzitsi kuwapempha kuti atichepetsereko munda, poti ife ndi anthu a mabanja, masana tili m'kalasi ndi ana oposa mlingo, madzulo tili ndi mapoto. Aphunzitsi ena ankakana, ena ankanena mozungulira. A Dokotala sanavute. Anatumiza uthenga wa mawu, Esinati n'kuuponya pagulu, ndipo ndinaumvetsera kambirimbiri mpaka ndinauloweza.

Anati: "Anthu anga a ku chigwa, ndikudziwa mavuto anu, ine sindine munthu wankhanza. Masamu aja asakusowetseni tulo. Ndikanakhala inu ndikanagwira mwamphamvu mitu ya kutsogolo. Wa makutu wamva."

Ndinavina pabwalo, ana n'kumadabwa. Tsiku lomwelo ndinatenga kampira n'kumanga theka la kumbuyo la bukulo kuti lisamanditsegukire n'kundiwonongera mtima. Mitu ya kutsogolo ndinaiimba ngati nyimbo ya kwaya. Popita kumjigo ndikuloweza, pothyola nkhwani ndikuloweza. Kwathu kuno munthu wamkulu ndi wophunzira chotere akanena chinthu sitimufunsa kawiri, ndipo m'gulu lonse palibe ngakhale mmodzi anafunsa kuti nanga zikapanda kutero.

Tsiku la mayeso, tili panja pa holo, ndinaona bambo Zuze atakhala pa njerwa akuyang'ana masamba a masamu. Bambo Zuze ndi mphunzitsi wa ku Marka, kumalire ndi Mozambique, ndipo pagulu lathu ndiwo anali aakulu msinkhu. Anali munthu wosayankhulayankhula, ndipo pagulu la pa foni sankaonekapo n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti kumene amakhalako foni imagwira netiweki ya tsidya lina, ndipo ukatsegula intaneti mayunitsi amatha ngati madzi pamchenga. Ndiye iwo foni ankangoisiya m'thumba. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinapita pomwepo.

"Bambo Zuze, kodi simunamve? A Dokotala anati masamu kulibe. Mwadzivutitsa chabe."

Anakweza mutu n'kunena mosakaniza ndi Chisena monga mwa chizolowezi chawo: "Nkhabe, mayi, ine sindinamve kanthu. Ndangowerenga pyonsene."

Ndinawamvera chisoni chenicheni, ndipo nditauza Esinati tinaseka kuti achikulire a ku Marka awerenga ndi chikuto chomwe. Kenako tinalowa.

Abale anga, pepala lija nditalitembenuza mutu unaima. Funso loyamba lokha ndilo linali la mitu ya kutsogolo. Ena onse anali masamu, matebulo a manambala kuyambira pamwamba mpaka pansi. M'holo munali zii, kenako bambo wina kumbuyo anaseka kamodzi kuseka kwa munthu amene nyumba yake ikupsa. Ndinalemba funso loyambalo masamba ambirimbiri ngati kuti kutalika kwake kulipira mafunso enawo. Nditamaliza ndinayamba kukopera matebulo aja mwaukhondo, kujambula mizere ndi rula, poti ndinalibenso china chochita. Pobwerera, minibasi inatsika mapiri a ku Thabwa mpaka kuoloka Shire popanda woyankhula. Tonse tinkadziwa kuti talemba m'madzi.

Zotsatira zitatuluka, ambiri a gulu lathu tinapatsidwa sapu. Anzathu ena anapita kukadandaula, koma anauzidwa kuti mayeso amachokera m'buku lonse ndipo zimenezo zinalembedwa poyera. A Dokotala nawo anati iwo anangopereka maganizo awo, sanalumbire. Akuluakulu amati pepani sapoletsa chilonda, koma ife ngakhale pepaniyo sitinamumve. Kwa anzathu amene anali asanabwerezepo, sapu inali chabe chotopetsa. Kwa ine ndi Esinati linali khomo lomaliza.

Ndinene zoona, a Dokotala ndinawada. Ndikagwada kuti ndipemphere, nkhope yawo ndi imene inkabwera, ndipo pemphero linkasanduka mlandu. Chakudya chinasiya kulowa. M'kalasi ndinkakalipira ana pa zinthu zosafunika n'komwe kukalipa. Kampira kaja ndinakamasula, koma ndikayang'ana masamuwo ndinkangoona nyerere zikuyenda papepala. Tsiku lina ndinauza amuna anga kuti bola ndilembe ndekha kuti ndasiya sukulu, kusiyana ndi kuchita kuthamangitsidwa ngati mbuzi ya m'dimba la eni. Iwo anali akumanga mtolo wa nsomba panjinga, ndipo sanatembenuke n'komwe. Anangoti: "Mayi a Tadala, ine ndaphika zaka zonsezi kuti mudzabwerere pakhomo la nyumba? Akakuchotsani akuchotseni okha, inu musawathandize."

Lachinayi lotsatira ndinapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi ndipo ndinafotokoza vuto langa. Pempho langa linali lolunjika: apemphere kuti Mulungu akhudze mtima wa a Dokotala, ulendo uno atiuze zoona za zimene zibwere pa sapu. Amene anapatsidwa kupemphera anali mayi Nsona, amene amagulitsa mandasi pafupi ndi chipatala. Anapemphera nthawi yaitali, koma za a Dokotala sanatchuleko. Anangoti Ambuye mwana wanuyu wasochera njira, mutumizireni munthu woti ayende naye. Ndinati ameni ndi pakamwa pokha, mumtima ndikuti mayi awa sanamve zimene ndinapempha.

Pasanathe sabata, Esinati anaponya pagulu uthenga wina wa a Dokotala. Ulendo uno mawu awo anali ofatsa. Anati akudziwa kuti masamu ndi amene anatigwetsa, ndipo sapu cholinga chake n'kuona ngati munthu wakonza pamene anagwa, choncho tibwereze bwinobwino pepala lomwe lija. Zinali zomveka. Pagulu panamvekanso mphekesera yoti akuluakulu awo anawadzudzula, ndiye sangayerekeze kutinamizanso. Ine ndinati pemphero langa layankhidwa, ndipo ndinathokoza Mulungu mokweza. Vuto linatsala limodzi, lakuti masamuwo sindinkawadziwa, ndipo mayankho amene anzathu ankaponya pagulu ankasiyana munthu ndi munthu.

Loweruka lina ndinapita ku boma kukajambulitsa pepala la mayeso lija. Pa depoti ndinakumana ndi bambo Zuze atanyamula tayala la njinga. Titapatsana moni ndinawafunsa kuti sapu akuikonzekera bwanji kumene kulibe netiwekiko. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa kuti sapu yake iti. Iwo anali atakhoza, ndipo anakhoza bwino.

Manyazi anandigwira, komanso ndinapsa mtima, sindikudziwa kuti ndinapsera ndani. Munthu amene tinkamuseka uja ndiye anali atawoloka. Ndinafuna kutsanzika msanga, koma iwo anandifunsa za ine, ndipo nditawauza kuti ndikalephera ndiwidedwa, anatula tayala lija pansi. Anati ngati amuna anga angalole, ndizibwera ku Marka Loweruka lililonse mpaka tsiku la sapu, tizikawerengera m'kalasi mwawo. Amuna anga sanangolola, ulendo woyamba anandiperekeza okha kukaonana ndi banja la a Zuze, kuti anthu asapeze chonena.

Inali nyengo yotentha, ija yoti ukaponda mchenga ndi patapata umamva moto kuphazi. Tikuyandikira Marka foni yanga inalira, n'kupeza ndi uthenga wondilandira m'dziko la Mozambique, chonsecho ndili m'Malawi momwe muno. Kuchokera apo gulu lija linati zii. Mayi Zuze anatilandira ndi thobwa la mapira, kenako tinapita ku sukulu. Ine ndinatulutsa pepala la mayeso lija n'kuliyala padesiki. Bambo Zuze analikankhira pambali, n'kutsegula buku pa tsamba loyamba, n'kundipatsa choko. Anati iwo akhala pabenchi ngati mwana wa Sitandade 5, ine ndiwaphunzitse mutu woyamba mpaka amve.

Ndinaseka. Mitu imeneyo ndi imene ndinkaiimba ija. Ndinayamba kulakatula monga zinalembedwera, koma ndisanapite patali anakweza mkono ngati mwana n'kunena kuti sanamve, ndinene m'Chichewa. Ndinayesa, lilime linakana. Anandifunsa kuti ngati ndikufuna kudziwa chifukwa chimene ana amajombera nthawi ya dzinja, ndingafunse ana angati, ndipo ndingawasankhe bwanji. Ndinaima ndi choko m'manja thukuta lili kamukamu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ngakhale theka lija ndinkati ndimalidziwa, ndinangolimeza osatafuna.

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, koma masamu sitinawakhudze. Loweruka lachiwiri tinalowako pang'ono, pogwiritsa ntchito kujomba kwa ana a m'kalasi mwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti manambala aja amayankha mafunso a kutsogolo kuja. Komabe masiku anali kutha, ndipo iwo ankaumirira kuti tiziyenda mutu ndi mutu osadumpha. Mtima wanga unalephera kupirira. Ndinaponya choko patebulo.

"Bambo Zuze, ine ndinabwera kuno kudzaphunzira masamu. A Dokotala anena okha kuti kubwera masamu. Mukufuna ndiwidedwe?"

Sanakwiye. Anatola chokocho n'kunena kuti: "Mayi, zimene zili m'mutu mwa a Dokotala ine sindikuzidziwa, ndipo inunso simukuzidziwa. Chimene tikudziwa tonse ndi chimene chili m'bukumu. Ine ndingakuthandizeni pa chokhacho."

Ndinachoka osatsanzika bwino. Ndili pa kabaza, titangofika pamene netiweki yathu imayambira, foni inayamba kulira mosalekeza. Anali mauthenga a pagulu, anzanga akusinthana mayankho a pepala lija, ena atalibwereza mpaka kuliloweza. Ndinaona ngati anzanga onse akwera basi ine ndatsala pa siteji. Madzulo ake Esinati anandiimbira, ndipo nditamufotokozera za ku Marka anati: "Rozina, mapanga awiri avumbwitsa. Iwe masamu sudziwa, nthawi yatsala yochepa, ndiye ukuitayanso pa zinthu zimene sizibwera? Gwira chimodzi." Mwina ankanena zoona. Ngati sapu ikanabwera masamu okhaokha, iye akanakhala atakonzeka kawiri kuposa ine.

M'mawa mwake, Lamulungu, sindinamve ulaliki ngakhale pang'ono. Ndinangokhala pabenchi n'kumauza Mulungu kuti ine ndasokonezeka, sindikudziwa kuti yankho lanu ndi liti pakati pa uthenga uja ndi bambo a ku Marka aja. Pa nthawi ya chopereka mayi Nsona anadutsa pafupi nane ndi mbale, ndipo nditawaona ndinakumbukira pemphero lawo lija limene linandinyansa. Iwo sanapemphe uthenga, anapempha munthu. Ndipo munthuyo anali atabwera, atatula tayala lake pansi, akutaya Loweruka lake pa ine popanda chimene ndinamupatsa. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindinaone masomphenya. Mtima unangokhala pansi, ndipo ndinadziwa chochita.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Marka n'kupepesa. Bambo Zuze anangoti tiyeni, tinalekezera pa mutu wakuti. Pakati pa sabata foni ndinkaitsekera m'kabati ndikaweruka, kuti ndikhale ngati ndili ku Marka komweko. Esinati ndinamupempha kuti tipitire limodzi, kapena angotsegulako mitu ya kutsogolo. Anati waimva kale mitu imeneyo mpaka kukhuta, ndipo ulendo wa ku Ngabu mpaka ku Marka ndi wautali. Ndinanena kawiri, kachitatu ndinasiya, poopa kuti tingayambane.

Loweruka lomaliza tinafika pa kamutu kotsekera buku kaja, konena za ulemu ndi chilolezo pochita kafukufuku: kuti munthu usamufunse mafunso asanavomere, umuuze cholinga chako, ndipo dzina lake ulisunge. Ine ndinati aka tikadumphe, n'kachabechabe, ndipo palibe anakatchulapo chiyambire. Bambo Zuze anakana. Anadzisandutsa msodzi wa m'dambo wokana kuyankha mafunso, n'kumandibweza m'Chisena kuti ndani wakutuma, ukufuna ukandinenere kwa a zansomba. Ndinachita kumunyengerera msodziyo mpaka anavomera, mayi Zuze ali pakhomo la kalasi kuseka mpaka misozi. Kenako mayiwo anatipempherera tonse, ndipo ndinanyamuka.

Tsiku la sapu linafika. Panja pa holo aliyense anali ndi kakyuleta m'manja ndi pepala lakale lija, lofewa ndi kugwiridwagwiridwa. Esinati anandikumbatira n'kunena kuti lero tithana nazo. Titalowa ndinapemphera mwachidule n'kutembenuza pepala.

Masamu linali funso limodzi lokha, ndipo silinali la pa pepala lakale lija. Mafunso ena anali a mawu, koma osati oti ulakatule zimene unaloweza. Ankapereka nkhani n'kufunsa kuti iwe ungachite bwanji. Funso lomaliza, lokhala ndi malikisi ambiri, linali la kamutu kotsekera kaja: ukufuna kufunsa anthu a m'mudzi mafunso, ena akukana, uchita chiyani. Ndinayamba ndaika cholembera pansi. Kenako ndinalemba, ndipo ndinkangomuona msodzi wa ku Marka uja ali patsogolo panga. Funso la masamu ndinalifika pakati n'kusochera, koma njira ndinaionetsa. Nditakweza mutu ndinaona msana wa Esinati mizere iwiri kutsogolo kwanga. Anali atangokhala, kakyuleta ili pambali, dzanja lili pachipumi.

Zotsatira zinatuluka tsiku la ntchito, nthawi ya buleki. Ndinapempha mphunzitsi mnzanga kuti ationere pa foni yake, poti ine maso ankachita mdima. Anati mwakhoza. Malikisi sanali oti n'kuimbira nthungululu, anangodutsa pang'ono pamzere, koma ndinadutsa. Ndinagwada pansi pa mtengo wa nimu pamaso pa ana onse, fumbi lili m'mawondo, n'kulira ngati wafedwa. Ana ena anathamanga kukaitana ahedi poganiza kuti kwagwa zovuta. Amuna anga nditawaimbira ndinangomva akuuza anzawo pamsika paja mokweza.

Chisangalalo changa sichinafike madzulo chili chathunthu. Esinati anatumiza mawu awiri okha: "Ine basi." Anawidedwa, pamodzi ndi bambo wina wa ku Nchalo amene nayenso anali atabwerezapo.

Anthu amandifunsa kuti a Dokotala ankachitiranji zimenezi. Sindikudziwa mpaka lero. Ena amati mapepala a mayeso amakawaunika anthu ena n'kuwasintha, mwini wake osadziwa. Ena amati ankafuna kutiphunzitsa kuti tisiye kupempha. Ena amati ankangofuna kuti Esinati asiye kuwaimbira. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye ine sindingaike mlandu pa zimene sindinazione. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuwakhululukira kunanditengera nthawi yaitali kuposa kuphunzira masamu aja, ndipo ndi Mulungu yemweyo anandithandiza. Tsiku lolandira digiri ndinawaona a Dokotala atavala mkanjo wawo wofiira, ndipo mtima sunandipweteke monga ndinkayembekezera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinapempha. Ndikanakhala ine woyankha mapemphero, ndikanadzipatsa uthenga wachitatu wa a Dokotala, ndipo lero bwenzi ndikukamba nkhani ina. Ndikuthokoza bambo Zuze ndi akazi awo. Titawapititsira dengu la nsomba anangoti takhuta, ndiye zikomo m'Chisena, n'kuyamba kufunsa za ana, ngati kuti palibe chachikulu chimene anachita. Ndikuthokoza amuna anga amene anakana kuti ndisiye, ndi amayi a Lachinayi amene anandinyamula pamene ndinalibe mphamvu.

Kwa inu amene muli pa sukulu, sindikuuzani kuti aphunzitsi onse amanama, chifukwa ambiri ndi anthu abwino ndipo nanenso ndine mphunzitsi. Koma mawu a munthu, ngakhale wabwino, amatha kusintha kapena kusinthidwa iye osadziwa. Akakuuzani pogwira, gwiranipo, koma kwinako musamange ndi kampira. Ndipo inu amene mwagwa kale, muli pa sapu ya mtundu uliwonse m'moyo uno, musathamangire kudzichotsa nokha. Pempherani, kenako muyang'ane bwino anthu amene akuzungulirani, chifukwa thandizo lanu mwina lili ndi munthu amene simumuwerengera.

Koma sindingatseke umboni uwu ngati kuti zonse zinatha bwino. Patapita milungu ingapo ndinapita ku Ngabu kukamuona Esinati. Ndinkaopa kuti andilandira ndi nkhope yolimba, koma anandiyalira mphasa pakhonde n'kukhala nane. Chimene chinkamudya sikunali kuwidedwa kokha. Anati: "Rozina, mauthenga onse awiri aja anapempha ndine, anatumiza pagulu ndine. Bambo a ku Nchalo aja ndiwayang'ana bwanji?" Ndinamuuza kuti tonse tinkamutuma, ndipo tonse tinavina atabweretsa. Tinalira limodzi. Ine sindinali wanzeru kuposa Esinati, sindinali wopemphera kuposa iye, ndipo chifukwa chimene ndinawolokera iye n'kutsala sindichidziwa. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikanaumirira kachitatu.

Esinati anakhala chaka chathunthu osafuna kumva za sukulu. Chaka chino wayambiranso pa yunivesite ina, kuyambira chaka choyamba, pamodzi ndi ana amene ena a iwo anawaphunzitsa yekha ku pulayimale. Wandilola kuti nditchule nkhani yake pano. Mwezi wamawa akukalemba mayeso ake oyamba, ndipo akuti akuopa kuposa kale. Ine Mulungu anandiwolotsa, ndipo ndikukhulupirira kuti dzanja lake silinafupike. Choncho inu amene mwawerenga mpaka pano, musandiyamikire ine. Mukagwada lero, mumutchule dzina Esinati wa ku Ngabu.